Mbande za Bambo

"Ndani wachotsa satifiketi yanga pa msomali?"

Amayi anali pampando wawo akusoka batani, maso ali pa singano ngati sakundimva. Mng'ono wanga, mzime wa m'nyumba mwathu, anaima pakhomo la kuchipinda akuuzira zikhadabo zomwe anali atangozipaka utoto.

"Ndikufunsatu. Satifiketi yanga yakhala pa msomali uwu zaka khumi ndi ziwiri. Lero yamera miyendo?"

"Ndachotsa ndine," anatero Amayi. "Ili m'kabati, palibe wayidya. Pabalaza pano msomali ndi umodzi. Umafuna chithunzi cha mwanayu ndichipachike pamphuno panga?"

Chithunzicho chinali chachikulu ngati zenera. Mng'ono wanga anagwada pa dothi lofiira atavala nsalu yobiriwira, mano onse ali pamtunda, manja atafungatira kamtengo. Pamwamba analemba kuti: Thumba limodzi, mtengo umodzi. Makala okonda chilengedwe. Pansi pake, m'zilembo zopendekera, analemba kuti: Mayi wa Mitengo.

"Mayi wa Mitengo," ndinawerenga mokweza. "Iweyo? Unabereka mtengo uti? Duwa lija ndinakupatsa kuti uike pakhomo la saluni yako unalipha ndi madzi otsukira tsitsi."

"Achemwali, mwayambanso? Kodi ndinadzisankha ndekha?"

"Unakana?"

"Ndikanakana bwanji anthu atafika kale ndi makamera awo? Inu munathawa. Munamenyetsa chitseko n'kupita kumsika."

"Ndikanakhala kuti ndizionerera chiyani? Mbande zanga, thukuta langa, nkhope yako!"

Nsanje ndinali nayo, sindikana. Ine ntchito yanga ndi yofesa mitengo. Nazale yanga ili kuseri kwa nyumba, ndipo satifiketi ija ndinaipeza nditaphunzira ntchitoyi. Sabata ziwiri m'mbuyomo kunabwera bambo wina wa ku kampani yogulitsa makala m'matumba obiriwira. Tinkangomutcha bambo wachipewa, chifukwa ngakhale popereka moni kwa Amayi chipewa sankavula. Anati akufuna malo oti abzalepo mitengo n'kujambula zotsatsira malonda, ndipo kamtunda kathu, kopanda ndi chitsamba chomwe, kanamusangalatsa. Amayi anavomera. Mbande ndinapereka ndine, mazana awiri.

Sizinali mbande wamba. Bambo athu ali moyo anabzala mbawa pakhomo, ndipo tonse tinakulira mumthunzi wake. Chaka chatha mphepo inaigwetsa. Ndinatola njere zake zomaliza, chokwawa, m'masamba ndi m'matope, n'kuzifesa. Zija mazana awiri ndizo zinamera, ndipo zina sizidzapezekanso.

Tsiku lojambula ndinasamba kawiri, diresi n'kusita. Bambo wachipewa anayang'ana manja anga ong'aluka, anayang'ana nkhope yanga, kenaka maso ake anathawira kwa mng'ono wanga amene ankangodutsa pa ulendo wa ku saluni. Anati, "Mayi, musakhumudwe, ogula amafuna nkhope yopatsa chiyembekezo." Yanga kaya imapatsa chiyani, sanandiuze. Kuyambira tsiku limenelo phazi langa silinapondenso kumtunda kuja.

"Tandiuza," Amayi anatero uku akudula ulusi ndi mano, "mitengo ya bambo ako yabzalidwa kapena ayi?"

"Yabzalidwa."

"Si zimene unkafuna? Kamtunda kaja kakukokoloka, madzi amafika mpaka pakhonde. Anthu abwera ndi antchito awo, atibzalira tsiku limodzi zimene iwe ukanabzala mwezi. Chakuwawa n'chiyani?"

"Chandiwawa n'choti kuyambira kale m'nyumba muno wogwira ntchito ndine, woyamikiridwa ndi uyu."

"Pepani achemwali, nkhope sindinaigule pamsika," anatero mng'ono wanga. Ananyamula chikwama chake n'kutuluka, fungo la mafuta ake n'kutsalira pabalaza.

Amayi atapita kukagona pang'ono masana, ndinatsala ndekha ndi chithunzicho. Ndinkafuna kupezapo cholakwika, kaya dzino lokhota, kaya chiphuphu. Nkhope inalibe vuto, ndiye ndinatsikira ku manja. Pamenepo ndi pomwe ndinaona. Pakati pa zala zake, pomwe tsinde la kambande limalowa m'dothi, panali kamzere kakuda konyezimira. Wina aliyense akanati ndi mthunzi. Ine ndakhala ndikuthira dothi m'machubu apulasitiki ofesera mbande theka la moyo wanga, mlomo wa chubu ndingaudziwe ngakhale nditatsinzina diso limodzi.

Ndinatenga mpeni wanga wa ku nazale n'kukwera kamtunda. Mbande zinali ndondondo m'mizere yowongoka bwino, masamba ali biriwiri. Ndinagwada pa yoyamba n'kufukula ndi chala. Chubu. Yachiwiri, chubu. Ndinadumpha mzere, ndinapita kumapeto, konseko chimodzimodzi. Antchito a kampani anangotema khasu kamodzi, n'kukhazika mbande ndi chubu lake lomwe, n'kukokera kadothi pamwamba kuti pulasitiki isaoneke.

Mbande yobzalidwa choncho ili m'ndende. Mizu imazungulira m'katimo kusowa kotulukira. Mvula ikamagwa imaoneka yosangalala, koma dzuwa likangoti ng'aa sabata ziwiri, chubu lakuda limatentha, mizu n'kupsa. Tsiku limenelo mvula inali isanathe ndipo dothi linali lofewa. Masiku awiri okha, ine, khasu ndi mpeni, mbande zonse zikanapulumuka.

Mpeni ndinautulutsa. Ndinaugunditsa pa chubu loyamba. Ndiye ndinakumbukira mano aja ali mbee pa msomali wanga, ndi mawu aja akuti Mayi wa Mitengo. Ndikang'amba machubuwa, mitengo ikula, ndipo anthu azidzaloza kamtunda aka n'kumati ndi nkhalango ya mzime wa Amayi. Ndinabweza mpeni m'thumba, ndinakwirira pomwe ndinafukula, n'kutsika.

Madzulo amuna anga atabwera kuntchito ndinawauza. Iwo amanyamula katundu ku depoti ya kampani yomweyo, ndiye amafika kunyumba makutu ndi mphuno zili bii.

"Ndiye wang'amba?" anafunsa akusamba m'manja.

"Sindinang'ambe."

"Wati mbande za apongozi?"

"Zomwezo."

"Mkazi wanga, mutu ukuyenda bwino?"

"Ukuyenda bwino kwambiri. Ndikufuna anthu aone kaye. Zikayamba kufota, aliyense adziwa kuti kampaniyi ndi yabodza, ndipo mayi wawo wa mitengoyo sadziwa ndi kobzala komwe. Pamenepo ndidzapita ndi mpeni wanga."

Amuna anga anaseka, koma osati mosangalala. "Zoti ndi abodza ufunse ine. Makala aja amabwera pa lole m'masaka akale, pamwamba atatseka ndi udzu n'kumanga ndi luzi, ochokera kwa ootcha omwe aja amene akumeta mapiri. Ife timasefa fumbi, n'kuthira m'matumba obiriwira, makina n'kusoka. Basi, asanduka okonda chilengedwe. Dzana lokha tasoka matumba oposa mbande zako zonse. Mitengo yake ya thumba limodzi mtengo umodzi ili kuti?"

"Ndiye bwanji simunena?"

"Ndinene kwa ndani? Mawa lake pa geti adzandiuza kuti dzina langa kulibe. Ine ndatseka pakamwa chifukwa cha mimba za ana. Nanga iwe watseka chifukwa cha chiyani?"

"Mukumuikira kumbuyo mlamu wanu chifukwa ndi wokongola."

"Eee, ndalowanso ine? Chabwino. Koma ndikufunse kamodzi kokha. Mbandezo zikafa, bambo wachipewa adzalira? Ukulanga ndani?"

Ndinatola mbale n'kukazitsuka mwaphokoso.

Sabata yotsatira nkhope ya mng'ono wanga inali ponseponse. Inali pa chikwangwani chachikulu pamphambano, inali pa matumba a makala m'masitolo, inali kumbuyo kwa lole ya kampani. Ku saluni kwake anthu ankachita kudikirana pabenchi, ena tsitsi lawo lili bwinobwino, kungofuna kumangidwa ndi Mayi wa Mitengo. Amayi anayamba kuitana anzawo kuti adzamwe tiyi pabalaza, mpando wa mlendo n'kuuika moyang'anizana ndi chithunzi.

Chomwe chinandimaliza chinachitikira ku nazale kwanga komwe. Mphunzitsi wina amene wakhala akugula mbande kwa ine zaka zambiri anabwera kudzafuna za mandimu. Ndikumusankhira, anati, "Kodi mng'ono wanu alipo? Ndimafuna andilangize za kabzalidwe."

"Ali ku saluni. Mukamupeze akulangizeni za mawigi."

Kuyambira pamenepo aliyense wondipatsa moni ndinkamudyetsa nkhani ya mng'ono wanga. Pampopi, pagolosale, potuluka m'tchalitchi. Ndinkanena za zikhadabo zake, za ulesi wake, za duwa lija anapha. Za machubu zokha ndi zomwe ndinazisunga, ngati mpeni wobisa m'malaya. Anthu ankaseka, koma ndikatembenuka ndinkamva akunong'onezana kuti mayi wa nazale nsanje yamudya.

Kenaka mvula inadula. Kumwamba kunayera, dzuwa n'kumatuluka ndi ukali kuyambira m'mawa.

Tsiku lachisanu ndi chitatu la dzuwa limenelo, mng'ono wanga anandipeza ndikuthirira ku nazale. Anali ndi ndowa m'manja, siketi itanyowa, mapazi ali matope okhaokha. Ndinali ndisanamuonepo chonchi.

"Achemwali, ndakugwirani mwendo, tiyeni mukaone. Masamba akugwa. Ndakhala ndikutunga madzi m'mawa uliwonse ndisanatsegule saluni, koma ndikafika mzere wachitatu woyamba uja wauma kale."

"Ndiye ine nditani?"

"Inu ndi amene mumadziwa. Komanso dothi lija lasuntha, kukuoneka mapulasitiki akuda. Amayenera kukhala choncho?"

Yankho lake linali liwu limodzi. Ndinapitiriza kuthirira.

"Wafunsa eni ake chithunzi?"

"Ndawaimbira bambo wachipewa. Akuti ndi machubu amakono, amaola okha m'dothi n'kusanduka manyowa. Akuti ndisade nkhawa. N'zoona?"

Machubu amenewo ndinagula ndine. Ena a mtundu womwewo ndinawataya kudzala mwana wanga woyamba ali kumsana, ndipo mpaka lero khasu limawafukula ali gwa. Ndinayang'ana mng'ono wanga. Ngakhale ndi matope omwewo, ngakhale ndi thukuta, anali wokongolabe, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa zonse.

"Ngati atero eni ake, ine ndine ndani? Iwe ndiye mayi wawo. Mayi samafunsa kwa aneba kuti mwana wake akulira chiyani."

"Achemwali, ndi mitengo ya Bambo."

"Ukanakumbukira zimenezo pomwe unkamwetulira kamera."

Ananyamula ndowa yake n'kubwerera kumpopi. Ndinadziuza kuti ndidikira masiku atatu okha. Atatu atakwana ndinati ndidikire Loweruka. Loweruka Amayi anabwera ndi mlendo wina kudzaona chithunzi, ndipo mpeni unakhalabe m'thumba.

Sabata yachisanu, Lachitatu, galimoto ya bambo wachipewa inaima pakhomo. Anati Lachisanu kukubwera akuluakulu a masitolo amene amagula makala awo, akufuna kuona nkhalango ndi maso. Ine mumtima ndinavina. Tinakwera tonse kumtunda, iye patsogolo, Amayi ndi ndodo yawo pambuyo.

Chimwemwe changa chinathera panjira. Ndinkayembekezera mbande zofota, zoti munthu n'kuzidzutsa. Ndinapeza timitengo touma tili njo m'mizere, topanda tsamba ndi limodzi lomwe, machubu ali poyera akunyezimira ndi dzuwa. Ndinathyola kamodzi, kanalira kuti thyo.

Amayi anagwira pakamwa. "Mayo, bambo a ana anga!"

Bambo wachipewa sanagwedezeke n'komwe. Anakankha chubu limodzi ndi nsonga ya nsapato n'kunena kuti, "Aa, anyamata aja anaiwala. Pepani agogo, ndi chizolowezi. Kawirikawiri mbande timachita kubwereka, tikajambula timazinyamulanso, ndiye kung'amba machubu n'kudzipatsa ntchito. Sanauzidwe kuti zanuzi ndi zokhalitsa." Anatembenukira kwa ine. "Mayi, muli nazo zina zobiriwira? Mtundu uliwonse, alendowo sasiyanitsa."

"Ndilibe zoseweretsa."

"Palibe vuto."

Ndipo kwa iye vuto panalibedi. Mawa lake lole inabwera itadzaza mbande zochokera kaya kuti, zina za bulugamu, zina za magwafa, zina maluwa a mpanda. Antchito anazula timitengo ta Bambo n'kumaponya m'chigwembe cha kuseri kwa kamtunda. M'maenje omwewo anakhazikamo zatsopanozo, ndi machubu omwe, n'kukokera kadothi. Dzuwa lisanapendeke, kamtunda kanali biriwiri.

Lachisanu alendo anafika pa magalimoto atatu. Aneba anadzaza m'mbali mwa munda. A kampani anamuveka mng'ono wanga nsalu yobiriwira ija n'kumuimika kutsogolo, koma tsiku limenelo mano sanaoneke ngakhale wojambula anamuchonderera. Bambo wachipewa anayankhula za mapiri obwerera mwakale, za ana a mawa, za mpweya wabwino. Anati aliyense wogula thumba lobiriwira ndiye kuti wabzala mtengo ndi dzanja lake. Alendo anaomba m'manja.

Pamenepo ndinalowa pakati. Ndinagwira mbande imodzi patsinde n'kukoka. Inatuluka yonse, ndi chubu lake, ngati munthu akuchotsa kapu pashelefu.

"Onani! Iyi yabwera dzulo pa lole. Zonsezi zabwera dzulo. Zomwe anabzala poyamba zinafa, zili m'chigwembe umo. Makala awo ndi omwe aja a m'mapiri, angosintha thumba. Palibe mtengo umene anthu awa anabzalapo!"

Mayi wina wa magalasi mwa alendowo anayang'ana bambo wachipewa. Iye anamwetulira mwachisoni, ngati munthu wochita manyazi m'malo mwa mnzake.

"Amenewo ndi machubu oola okha, njira yamakono. Mayiwa tiwamvetse. Ndi mkulu wake wa Mayi wa Mitengo. Ankafuna pachithunzi pakhale iwo, ndiye za m'banja mukuzidziwa."

"N'zoona zimenezo," anatero wina mwa aneba. "Mwezi wonse nyimbo yawo ndi yomweyo."

"Nsanje basi," wina anavomereza. "Mpaka kuzula mitengo ya mng'ono wake!"

Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna nkhope imodzi yondikhulupirira. Onse anali anthu amene ndinawadyetsa nkhani za zikhadabo ndi mawigi. Ndinali nditadzigulitsa ndekha, ndipo tsiku lomwe ndinanena zoona palibe anafuna kugula. Mayi wa magalasi anandisisita paphewa n'kunena kuti kukhululukirana n'kofunika. Wojambula anandipempha kuti ndisunthe pang'ono, ndikutchinga. Anthu anatsika kukamwa zoziziritsa kukhosi, kuchigwembe palibe anasuzumirako.

Fumbi la magalimoto a alendo lisanathe, lole ija inabweranso. Antchito anayamba kuzula mbande n'kumapatsirana mpaka pa lole. Amayi anatuluka ndi ndodo yawo.

"Ana inu, mitengo mukupita nayo kuti?"

"Mawa tili ndi alendo kwina, agogo."

Aneba amene anali asanachoke anaonerera zonsezi. Wina anandiyang'ana, n'kuyang'ana pansi, n'kumapita. Ndinkaganiza kuti nthawi imeneyi ikadzafika ndidzamva kukoma. Ndinangomva kutopa. Pa kamtunda panatsala maenje mazana awiri.

Mng'ono wanga ndinakamupeza m'chigwembe. Nsalu yobiriwira anaiyala pansi, n'kuunjikapo timitengo touma tija. Ankatenga kamodzikamodzi, n'kukanda khungwa ndi chikhadabo, kuyang'ana, n'kuika pambali. Bambo ndi amene anatiphunzitsa zimenezo tili ana, kuti ukapeza zobiriwira pansi pa khungwa ndiye kuti mtengo ukadali moyo. Sindinkadziwa kuti ankamvetsera. Zikhadabo ziwiri zinali zitathyoka, chala chimodzi chikutuluka magazi.

Ndinakhala pansi n'kuyamba kukanda nanenso. Tinagwira ntchito mpaka mulu unatsala pang'ono.

"Achemwali," anatero osandiyang'ana, "machubu aja saola, eti?"

"Saola."

"Munadziwa liti?"

Ndikanatha kunama. Ndikanati Lachitatu, limodzi ndi onse.

"Tsiku lomwe chithunzi chinapachikidwa."

Manja ake anaima. "Mvula ikugwa?"

"Ikugwa."

"Tsiku lija ndinabwera ndi ndowa, munkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

Sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa, chifukwa pa zokalipa ndimamuposa. Anangoti, "Mukanangondiuza kuti ng'amba. Ndikanang'amba ndekha, ndi mano omwe. Chithunzicho mukanatenga inu, ine ndinkachita nacho manyazi. Ndikamadutsa pamphambano paja ndimayang'ana kumbali, chifukwa ndimadziwa kuti mayi wa mitengo m'nyumba mwathu ndi ndani. Ndinkangodikira tsiku loti mundiphunzitse."

Kamtengo komaliza kanali m'manja mwanga. Ndinakanda pamwamba, pakati, mpaka patsinde penipeni pafupi ndi mizu. Ponseponse panali pouma. Ndinatulutsa mpeni uja, ndinang'amba chubu. Mizu inali itazungulirazungulira m'katimo n'kuumira momwemo.

Tinalowa m'nyumba dzuwa likadali pamwamba pa madenga. Amayi anali atakwera pa kampando, satifiketi yanga ili m'khwapa, akulimbana ndi chingwe cha chithunzi. Amuna anga, atangoweruka kuntchito, anali atawagwirira mpando.

"Ndichotse chinthu chabodzachi," anatero Amayi. "Ndibwezeretse pepala lako. Iwe ndi amene unanena zoona lero, mwana wanga, ife tonse tinapusitsidwa."

Amuna anga anandiyang'ana. Mng'ono wanga anandiyang'ananso, koma sanandiulule. Anangopita kukasamba chala chake.

Ndinayandikira chithunzicho. Kwa nthawi yoyamba sindinayang'ane mano, kapena nsalu, kapena zilembo zija. Ndinayang'ana kambande kali pakati pa manja ake. Ndinakadziwa. Kanali kaja kokhota pang'ono pansonga, kamene kanamera mochedwa, kamene ndinkakaika kumapeto kwa mzere kuti kazilandira dzuwa la m'mawa. Kumbuyo kwake, mizeremizere mpaka kumapeto kwa pepala, kunali zinzake zonse, masamba ali biriwiri.

"Chisiyeni, Amayi."

"Wati chiyani?"

"Chisiyeni pomwepo. Satifiketiyo ibwerere m'kabati."

"Iwe, si unatsala pang'ono kugwetsa nyumba chifukwa cha msomali umenewu?"

"Ndikudziwa. Koma mbawa ya Bambo yatsala pamenepo pokha."

Amayi anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anasiya chingwe, anawongola chithunzicho pomwe chinapendekera, n'kupempha mkamwini wawo kuti awagwire dzanja atsike.